Archibald Vivian Hill (1886–1977): Katswiri wa Masamu Amene Anayeza Phuma

Mawu oyamba

Kuyambira m'chaka cha 1996, pa Likhubula m'boma la Mulanje pakhala pakuchitika mpikisano wa liwiro wotchedwa Porters Race. Poyamba mpikisanowu unali wa anthu onyamula katundu wa alendo ndi olondolera njira m'phiri, koma pambuyo pake anautsegulira aliyense, amuna ndi akazi omwe. Othamanga amakwera chitunda cha ku Chambe, n'kudutsa pamwamba pa phiri kulowera ku Lichenya, kenaka n'kutsetserekera ku Likhubula komwe anayambira. Mtundawu ndi woposa makilomita 20, ndipo akatswiri amaumaliza m'maola awiri ndi mphindi zingapo, pamene mlendo woyenda ndi ndodo amatha tsiku lonse.

Aliyense amene anaonererapo mpikisanowu amadziwa kuti wothamanga akafika pa mzere womaliza sasiya kupuma mwawefuwefu nthawi yomweyo. Miyendo imaima, koma chifuwa chimapitiriza ntchito. N'chifukwa chiyani thupi limafunabe mpweya wambiri ntchito itatha kale? Nanga n'chiyani chimene chimaika malire pa liwiro la munthu? Munthu amene anayankha mafunso amenewa ndi manambala, zaka zana zapitazo, ndi Mngelezi wotchedwa Archibald Vivian Hill, amene anzake ankangomutchula kuti A.V.

Mu chimangirizo chino ndifotokoza mbiri ya moyo wa Hill. Ine ndine mwana wa ku Mulanje ndipo ndimaphunzira za zilankhulo ndi zolembalemba, osati sayansi. Komabe mbiriyi yandikoka chifukwa ikuonetsa momwe nthambi yonse ya maphunziro, imene pa Chingerezi amati exercise physiology, inabadwira m'kagulu kochepa ka mphunzitsi ndi ophunzira ake okonda kuthamanga. Nthambiyi imafufuza kagwiridwe ntchito ka thupi pamene munthu akuchita masewera kapena ntchito yolemetsa. Mfundo yanga ndi yakuti zimene kaguluko kanali nazo, nafenso ophunzira a m'sukulu za ukachenjede kuno kwathu tili nazo.

Ubwana ndi maphunziro

Hill anabadwa pa 26 Seputembala 1886 mumzinda wa Bristol ku England. Bambo ake, a Jonathan Hill, anali ochita malonda a matabwa, koma banja linatha iye akadali wamng'ono. Mayi ake, a Ada, ndiwo anamulera pamodzi ndi mlongo wake Muriel. Pakhomo panalibe chuma chochuluka, choncho maphunziro ake anadalira thandizo la ndalama limene sukulu zinkapereka kwa ana okhoza bwino. Anaphunzira pa sukulu ya Blundell's ku Tiverton m'chigawo cha Devon, ndipo kumeneko anaonetsa luso lalikulu pa masamu komanso anayamba kukonda kuthamanga mitunda italiitali.

M'chaka cha 1905 analowa koleji ya Trinity pa yunivesite ya Cambridge kukaphunzira masamu. Pa mayeso a mu 1907 anakhala wachitatu mwa onse amene analemba, chimene chinali chinthu chaulemu waukulu masiku amenewo. Anthu ankayembekezera kuti mnyamatayu adzakhala mphunzitsi wa masamu moyo wake wonse. Koma mtima wake sunakhazikike. Masamu a m'kalasi ankawaona kuti atalikirana ndi zinthu zogwirika, ndipo sankadziwa kumene angalowere.

Apa m'pamene panaonekera kufunika kwa mlangizi. Mmodzi mwa aphunzitsi oyang'anira ophunzira pa Trinity anali Walter Morley Fletcher, katswiri wa za thupi la munthu. M'chaka chomwecho cha 1907, Fletcher ndi mnzake Frederick Gowland Hopkins anali atafalitsa zotsatira za kafukufuku wawo wosonyeza kuti mnofu ukamagwira ntchito popanda mpweya wa okosijeni umadzaza ndi asidi wotchedwa lactic acid, ndipo asidiyo amachoka okosijeni akabwerera. Fletcher analangiza Hill kuti asiye masamu n'kuyamba fiziyoloje, sayansi ya kagwiridwe ntchito ka thupi. Hill anamvera, ndipo mu 1909 anakhoza mayeso a phunziro latsopanoli m'gulu loyamba.

Kunena zoona, masamuwo sanawataye, anangowasamutsira kumunda wina. Mu 1910, ali ndi zaka 23, analemba kachiwerengero kofotokoza momwe himogulobini, chinthu chimene chimafiiritsa magazi, imagwirira okosijeni. Kachiwerengeroka kamatchedwa Hill equation, ndipo ophunzira za mankhwala ndi zamoyo amakaphunzirabe mpaka lero.

Achule ndi kutentha

Mkulu wa nthambi ya fiziyoloje pa Cambridge, John Newport Langley, ndiye anapatsa Hill ntchito imene inadzakhala ya moyo wake wonse. Anamuuza kuti afufuze za kutentha kumene mnofu umatulutsa ukamakungika, ndipo anamupatsa chipangizo choyezera kutentha chimene anapanga katswiri wa ku Sweden, Magnus Blix. Ganizo lake linali losavuta kumva. Mnofu uli ngati injini: umadya mafuta, umagwira ntchito, ndipo umatentha. Munthu akayeza kutenthako mosamala, ndi nthawi imene kukutuluka, angathe kudziwa zimene zikuchitika mkati mwa injiniyo osaitsegula.

Kuchita kwake ndiko kunali kovuta. Hill ankagwiritsa ntchito kamnofu kopyapyala ka pa ntchafu ya chule. Kamnofuka kakakungika kamodzi, kutentha kwake kumakwera ndi madigiri pafupifupi 0.003 okha, kusintha kumene dzanja la munthu silingakumve. Kuti akuone, anayenera kukonza zipangizo zake mobwerezabwereza, ndipo m'nyengo yozizira ya 1910 mpaka 1911 anapita ku Germany, makamaka ku Tübingen, kukaphunzira kwa amisiri a zipangizo zotere. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo kudekha kwa Hill kunatenga zaka zoposa khumi.

Zimene anapeza ndi izi. Kutentha kwa mnofu kumatuluka m'magawo awiri. Gawo loyamba limatuluka pamene mnofu ukukungika, ndipo limatuluka ngakhale pasakhale okosijeni. Gawo lachiwiri limatuluka pang'onopang'ono ntchito itatha, ndipo limeneli silioneka ngati palibe okosijeni. Tanthauzo lake n'lakuti mnofu ungathe kuyamba ntchito usanalandire mpweya, ndipo mpweyawo umadzafunika pambuyo pobwezeretsa zimene zagwiritsidwa ntchito. Nthawi yomweyo ku Kiel, m'dziko la Germany, Otto Meyerhof ankafufuza nkhani yomweyi kudzera m'njira ya kemisitili, poyeza asidi uja ndi okosijeni m'minofu ya achule. Zotsatira za anthu awiriwa zinalumikizana.

Nkhondo yoyamba ya padziko lonse

Mu 1913 Hill anakwatira Margaret Keynes, mlongo wake wa John Maynard Keynes, katswiri wotchuka wa zachuma. Chaka chotsatira nkhondo inabuka ndipo kafukufuku wa achule anaima. Hill analowa usilikali, ndipo mu 1916 boma linamupatsa ntchito yotsogolera gulu lofufuza njira zowombera ndege za adani. Iye anasonkhanitsa akatswiri a masamu ndi ophunzira achinyamata, ena mwa iwo Ralph Fowler ndi Edward Arthur Milne, amene pambuyo pake anadzakhala mapulofesa odziwika. M'gulumo munalinso injiniya William Hartree, amene nkhondo itatha anapitiriza kugwira ntchito ndi Hill pa kafukufuku wa kutentha kwa minofu kwa zaka zambiri.

Zaka zimenezi zinamuphunzitsa luso limene silipezeka m'mabuku, lomwe ndi kusonkhanitsa anthu a maphunziro osiyanasiyana kuti asenze denga limodzi. Mu 1918 anasankhidwa kukhala membala wa bungwe la akatswiri a sayansi la Royal Society, ndipo mu 1920 anapita ku yunivesite ya Manchester kukakhala pulofesa wa fiziyoloje.

Thumba kumsana

Ku Manchester n'kumene Hill anachoka pa chule n'kufika pa munthu. Funso lake linali lakuti, kodi zimene zimachitika m'kamnofu ka chule zimachitikanso m'thupi lonse la munthu wothamanga? Anthu oti awayeze sanawafune patali. Iye mwini anali wothamanga wazaka za m'ma 30, ndipo anali ndi anyamata awiri omuthandiza, Hartley Lupton ndi Cyril Long. Long anali atangomaliza maphunziro a kemisitili ndipo ankakonda masewera a mpira. Anthu amenewa ankasinthana: lero uyu ayeza, mawa ndiye ayezedwa.

Njira yawo inali yotere. Anakonza kabwalo kozungulira pa kapinga, kotalika mamita pafupifupi 85. Wothamanga ankabereka thumba lalikulu losatulutsa mpweya, la mtundu umene anapanga Claude Gordon Douglas wa ku Oxford mu 1911, ndipo paipi inkachokera kukamwa kupita m'thumbamo. Munthuyo ankathamanga pa liwiro limodzi losasintha, ndipo pakapita mphindi zingapo ankatsegula kampopi kuti mpweya wonse wotuluka m'mapapo ulowe m'thumba kwa nthawi yoyezedwa bwino. Kenaka ankayeza kuchuluka kwa mpweyawo ndi okosijeni wotsalamo. Popeza mpweya umene timapuma uli ndi okosijeni magawo 21 pa 100 alionse, ankatha kuwerengera kuchuluka kwa okosijeni amene thupi latenga pa mphindi imodzi.

Atabwereza zimenezi pa maliwiro osiyanasiyana, anaona kuti liwiro likamakwera, okosijeni wotengedwa ndi thupi amakweranso, koma amafika pena pamene sakweranso ngakhale munthu awonjezere liwiro. Kwa Hill mwiniwake malirewo anali pafupifupi malita 4 pa mphindi. Umenewu ndiwo muyezo umene lero umatchedwa VO2 max, kutanthauza okosijeni wochuluka kwambiri amene thupi la munthu lingathe kutenga ndi kugwiritsa ntchito pa mphindi imodzi. Hill ndi anzake anafotokoza kuti malirewa amadalira mapapo, magazi, minofu, ndipo makamaka kuchuluka kwa magazi amene mtima ungapope. Anafalitsa zimenezi pakati pa 1922 ndi 1924, ndipo muyezowu ukugwirabe ntchito m'zipatala ndi m'magulu a zamasewera padziko lonse.

Anaonanso kuti munthu angathe kuthamanga kwa kanthawi kochepa pa liwiro loposa limene okosijeni wake angakwanitse. Akatero, amapitiriza kutenga okosijeni wochuluka ataima kale. Apa ndi pomwe pali yankho la funso la pa Likhubula lija. Phuma la wothamanga amene wamaliza kale mpikisano ndi thupi limene likubwezeretsa zimene linagwiritsa ntchito mothamanga.

Mphotho ya Nobel ya zamankhwala ya chaka cha 1922, imene inalengezedwa mu 1923, anagawana Hill ndi Meyerhof chifukwa cha ntchito yawo pa minofu. Zaka zochepa zokha zinali zitapita chithere nkhondo imene maiko awo awiri anaphana, choncho mphothoyi inali ndi uthenga wakewake. Mu 1923 momwemo Hill anasamukira ku University College London, kumene analowa m'malo mwa Ernest Starling, ndipo kuyambira 1926 mpaka 1951 anali pulofesa wa kafukufuku wolipidwa ndi Royal Society.

Chidwi chake pa zamasewera sichinathe. Mu 1925 anakamba nkhani pa msonkhano wa akatswiri a sayansi momwe anajambula mzere wosonyeza kutsika kwa liwiro la akatswiri a dziko lonse pamene mtunda ukutalika. Mu 1927 anakakhala miyezi ingapo pa yunivesite ya Cornell ku America, kumene anayeza ophunzira othamanga mitunda ifupiifupi. Wothamanga ankavala kachitsulo ka maginito, ndipo m'mbali mwa njira anaikamo mawaya okulunga pa mipata yodziwika. Akamadutsa pa waya aliyense, chipangizo chinkalemba nthawi. Mwa njira imeneyi anaona momwe liwiro limakwerera kuchokera poyambira ndi pamene limayamba kutsika. Chaka chomwecho anatulutsa mabuku awiri, Muscular Movement in Man ndi Living Machinery. Lachiwirili linachokera pa nkhani zimene anakambira ana pa nyengo ya Khirisimasi ya 1926 ku Royal Institution.

Mawu oti ngongole

Monga wophunzira zilankhulo, gawo limene limandigwira mtima kwambiri ndi dzina limene Hill anapereka kwa phuma la pambuyo pa liwiro. Analitcha oxygen debt, ndiye kuti ngongole ya okosijeni. Ili ndi fanizo, ndipo ndi fanizo lamphamvu chifukwa palibe munthu amene sadziwa ngongole. Thupi limakongola pothamanga, limabweza poima. Mphunzitsi wa mpira wa ku Chitakale kapena ku Muloza angalimve fanizoli popanda kuona chipangizo chilichonse. N'chifukwa chake mawuwa anafala msanga kuchoka m'mabuku a akatswiri kufika m'mabwalo a masewera.

Koma fanizo lililonse lili ndi potsekera maso. Hill ankakhulupirira kuti ngongoleyo ndi asidi uja, kuti kupangika kwa asidiyo ndiko kumakunga mnofu, ndipo okosijeni wa pambuyo ndi malipiro ochotsera asidiyo. Maganizo amenewa anayamba kugwedezeka iye akadali pa ntchito. Mu 1927 akatswiri anapeza chinthu china chosunga mphamvu m'minofu chotchedwa phosphocreatine, ndipo mu 1929 anapeza chinanso chotchedwa ATP. Mu 1930 Einar Lundsgaard wa ku Denmark anasonyeza kuti mnofu wothiridwa mankhwala oletsa kupangika kwa asidi umakungikabe. Chiphunzitso chimene chinathandiza kubweretsa mphotho ya Nobel chinapezeka chopelewera.

Zimene Hill anachita apa n'zoyenera kuzisunga. Sanalimbane ndi umboni. Mu 1932 analemba nkhani yaitali yofotokoza kusintha kumeneku, nakutcha kuti ndi kutembenuka kwa zinthu pa sayansi ya minofu, ndipo anapitiriza kuyeza. Mu 1938 anatulutsa ntchito imene ambiri amati ndiyo yopambana zonse, yosonyeza ndi masamu kuti katundu akamalemera, mnofu umakungika pang'onopang'ono, ndipo akamapepuka umakungika mofulumira. Akatswiri opanga miyendo yoikirira ndi ojambula kayendedwe ka thupi pa kompyuta amagwiritsabe ntchito chitsanzo cha mnofu chimene chili ndi dzina lake.

Mawu oti ngongole anakhalitsa kuposa chiphunzitso chimene chinawabala. Mu 1984 Glenn Gaesser ndi George Brooks a ku America analimbikitsa kuti mawuwa asiyidwe, chifukwa okosijeni wa pambuyo pa liwiro sapita ku asidi yekha. Wina amabwezeretsa phosphocreatine, wina amapita ku mtima ndi minofu yopumira imene ikugwirabe ntchito, ndipo wina amafunika chifukwa thupi latentha. Lero zikudziwikanso kuti asidi uja si chinyalala, koma mtima ndi minofu ina zimamugwiritsa ntchito ngati chakudya, ndipo si iye amene amachititsa kuphwanya kwa thupi kumene munthu amamva mawa lake. Ngakhale pa nkhani ya malire a okosijeni pakhala mtsutso. Tim Noakes wa pa yunivesite ya Cape Town wakhala akunena kuti ubongo ndiwo umachepetsa liwiro pofuna kuteteza thupi, ndipo akatswiri ena ambiri amatsutsana naye. Phunziro kwa ife omasulira ndi lakuti mawu amene tisankha lero angathe kuunikira anthu, koma angathenso kuwamangirira pa maganizo akale.

Mnansi wa othawa kwawo

Mbiri ya Hill ikanakhala yopelewera ikanathera mu labotale. Mu 1933 Adolf Hitler atatenga boma ku Germany, aphunzitsi Achiyuda ndi ena osagwirizana ndi boma anachotsedwa m'mayunivesite. Chaka chomwecho William Beveridge anayambitsa bungwe la Academic Assistance Council lothandiza akatswiri oterewa kupeza ntchito kunja. Ernest Rutherford anali mtsogoleri wake ndipo Hill anali mmodzi mwa oliyambitsa ndi olitumikira kwa zaka zambiri. Bungweli lilipobe, ndipo masiku ano limatchedwa Council for At-Risk Academics. Hill anadzudzula poyera nkhanza za boma la Nazi, mpaka anatsutsana m'magazini ya Nature ndi Johannes Stark, katswiri wa ku Germany amene ankaikira kumbuyo bomalo.

Thandizo lake silinali la pakamwa pokha. Mu 1935 mnyamata Wachiyuda wochokera ku Leipzig, Bernard Katz, anafika ku London ali ndi zochepa m'manja. Hill anamulandira mu labotale yake, ndipo kwa kanthawi mnyamatayo ankakhala kunyumba kwa banja la Hill. Katz anadzalandira mphotho ya Nobel mu 1970. Mwana wa mnzako ngwako yemwe, ukachenjera manja udya naye. Meyerhof nayenso, mnzake wa mphotho ija, anathawa ku Germany mu 1938 ndipo anakamwalirira ku America mu 1951.

Pa nkhondo yachiwiri, Hill anali phungu wa nyumba ya malamulo woimira yunivesite ya Cambridge kuyambira 1940 mpaka 1945. Kumeneko anamenyera ufulu othawa kwawo amene boma la Britain linawatsekera m'misasa powaganizira kuti ndi adani. Pakati pa 1943 ndi 1944 anakakhala miyezi ingapo ku India kukalangiza za kayendetsedwe ka kafukufuku wa sayansi. Nkhondo itatha anabwerera kwa achule ake, ndipo anapitiriza kuyeza minofu ndi manja ake mpaka atakalamba. Buku lake lotchedwa First and Last Experiments in Muscle Mechanics linatuluka mu 1970 ali ndi zaka zoposa 80. Anamwalira ku Cambridge pa 3 Juni 1977 ali ndi zaka 90. Mwa ana ake anayi, Polly Hill ndiye anayandikira kwambiri Africa, popeza anadziwika ndi kafukufuku wake pakati pa alimi a koko a ku Ghana.

Kodi wophunzira wa ku Mulanje atolapo chiyani?

Ndikaiona mbiriyi ndi maso a wophunzira amene watsala pang'ono kumaliza maphunziro ndipo akuda nkhawa ndi za ntchito, ndikuona zinthu zitatu. Choyamba, njira ya Hill inatsegulidwa ndi anthu amene anali naye pafupi: Fletcher anamulozera phunziro, Langley anamupatsa funso ndi chipangizo. Chachiwiri, iyenso anatsegulira ena. Cyril Long, mnyamata wa kemisitili amene ankathamanga ndi thumba kumsana, anadzaphunzira udokotala ndipo anakhala pulofesa pa yunivesite ya Yale. Chachitatu, zipangizo za ku Manchester sizinali zodabwitsa: kapinga, wotchi, thumba ndi anthu ofunitsitsa. Zimenezi ndizo maziko a gulu lililonse la ophunzira lofuna kuzama pa sayansi ya masewera ndi kukonzekera ntchito.

Maphunziro ake alipo kale m'dziko muno. Yunivesite ya Malawi University of Science and Technology, imene ili ku Ndata m'boma la Thyolo, loyandikana ndi Mulanje, imaphunzitsa sayansi ya zamasewera. Yunivesite ya Kamuzu University of Health Sciences imaphunzitsa ntchito yothandiza odwala kuti ziwalo zawo ziyambenso kugwira ntchito. Koma kalasi payokha siikwanira kusula munthu. Gulu la ophunzira lokumana sabata iliyonse lingathe kuyeserera miyezo yosafuna ndalama zambiri, monga kuwerenga kugunda kwa mtima, kukwera ndi kutsika pa benchi monga anayambitsira a ku Harvard mu 1943, kapena kuthamanga mphindi 12 n'kuyeza mtunda monga anakonzera Kenneth Cooper mu 1968 pofuna kuyerekeza VO2 max popanda thumba. Wophunzira amene wachita zimenezi kwa zaka zitatu ali ndi choonetsa akamakafunsira ntchito ku timu ya mpira, ku sukulu, kapena ku chipatala kumene odwala matenda a shuga ndi kuthamanga kwa magazi amalangizidwa zolimbitsa thupi.

Mafunso oti afufuze ali pakhomo pomwe. Nsonga ya Sapitwa ndi yotalika mamita 3,002, ndipo pamenepo mpweya ndi wopepuka moti pa kupuma kulikonse munthu amalandira pafupifupi magawo 70 pa 100 a okosijeni amene akanalandira m'mphepete mwa nyanja yamchere. Onyamula katundu wa alendo amakwera ndi zikwama zolemera. Amayi amatsika m'phiri ndi mitolo ya nkhuni pamutu. Othyola tiyi amakhala tsiku lonse ndi dengu kumsana. Mu 1986 Geoffrey Maloiy wa pa yunivesite ya Nairobi ndi anzake, poyeza okosijeni monga ankachitira Hill, anapeza kuti amayi Achiluo ndi Achikikuyu ankatha kusenza katundu wolemera mpaka magawo 20 pa 100 a thupi lawo popanda kuwonjezera mphamvu yogwiritsa ntchito. Kafukufuku wina amene anachitika pambuyo pake pakati pa amayi Achixhosa ku South Africa sanapeze zimenezi mwa ambiri. Nkhaniyi ikadali yotseguka, ndipo yankho lake lingathandize kudziwa kulemera kwa katundu kumene sikuvulaza msana ndi khosi la wosenza.

Komabe pali chenjezo. Kale m'nthawi ya atsamunda, amtengatenga ankawerengedwa ngati zonyamulira chabe, ndipo sayansi yosasamala ingathe kubwereza chipongwe chomwecho. Hill anayamba wadziyeza yekha asanayeze ena. Gulu la ophunzira liyenera kuchita chimodzimodzi, lipemphe chilolezo kwa oyezedwa, ndipo libweze zotsatira kwa eni ake m'chilankhulo chimene amamva. Apa m'pamene ife a zilankhulo tili ndi malo. Chichewa chili ndi mawu monga phuma, befu, wefuwefu, kulema, kufooka, kuphwanya kwa thupi ndi dzanzi, ndipo aliyense mwa mawuwa ali ndi tanthauzo lake. Chilomwe ndi Chiyawo, zimene zimamvekanso m'midzi yozungulira phiri, zili ndi mawu awoawo. Kuwasonkhanitsa, kuwasiyanitsa ndi kuwalumikiza ndi zimene zipangizo zikuonetsa ndi ntchito imene wasayansi sangaithe yekha. Mutu umodzi susenza denga.

Mawu omaliza

Archibald Vivian Hill anali mwana woleredwa ndi mayi okha amene anaphunzira ndi thandizo la sukulu, katswiri wa masamu amene anamvera malangizo n'kusintha njira, ndi wofufuza amene anasandutsa phuma la wothamanga kukhala chinthu choyezeka. Mbali ina ya chiphunzitso chake inagwa, ndipo iye anavomereza kugwako n'kupitiriza ntchito. Miyezo yake ndi imene yatsala, pamodzi ndi anthu amene anawasula ndi amene anawapulumutsa. Kwa ophunzira a ku Malawi, mbiri yake ikutikumbutsa kuti nthambi yaikulu ya sayansi ingayambe ndi anthu atatu pa kapinga, malinga ngati ali ndi funso lomveka, akulemba zimene aona mokhulupirika, ndipo akulemekeza thupi la munthu amene akumuyeza.